Nyuma Wailesi ndi Kachitsulo ka Malume Ake

Ku Duala konse, kuyambira pamsika mpaka pa mlatho wa St. Paul, mukafunsa za Nyuma Bundor anthu adzangokuyang'anani. Koma mukati Wailesi, ngakhale mayi wogulitsa makala adzakulozerani ndi mlomo: ndi uyo wakhala pansi pa ambulera yong'ambikayo, akusoka maambulera a anzake. Dzinalo silinamugwere pachabe. Munthuyu ankalankhula, abale inu. Ankalankhula singano ili kukamwa, ankalankhula mpunga uli kukamwa, ukamupatsa moni wa m'mawa unkachokapo dzuwa lili paliwombo. Mkazi wake Tenneh ankati ngakhale kutulo amapitiriza nkhani imene anaisiya masana, n'kumadziyankha yekha.

Kwawo kunali ku Foya, kumtunda kwathu kwa mtundu wa Akissi. Nkhondo inamwaza akulu ake onse, pakhomo panangotsala amayi ake, Ma Yawa, ndi mlongo wake Kumba. Mfuti zitakhala chete, Nyuma anatsata anzake kunkhalango za Gbarpolu kukasaka golide, ndipo kumeneko ndi kumene anagula makina ofufuzira zitsulo pansi kwa munthu wina wa ku Guinea: ndodo yaitali, mbale yafulati kumapeto kwake, ndi zomvera m'makutu. Golide sanamukonde Nyuma. Dzenje linamugumukira, bondo linakhota, anatsikira kutauni akutsimphina, makinawo ali paphewa ngati khasu. Tenneh anangowayang'ana n'kufunsa kuti, "Ndiye mkazi mnzanga ameneyu?" Dzinalo linakhala.

Amene anamupatsira matenda osaka zakale pansi ndi kasitomala wina wa ambulera. Anamuuza za kumtunda kwa mtsinje, ku Millsburg ndi ku Arthington, kumene kuli nyumba zosanja zimene anamanga anthu aja anabwera pa sitima ya pamadzi kuchokera ku America, n'kumalima nzimbe ndi khofi. Zambiri zinagwa kale, zina mitengo inamera pabalaza. Loweruka lina Nyuma anakwera njinga yamoto ndi makina ake, ndipo pansi pa mtengo wa mango, pomwe kale panali khonde, makinawo analira. Anakumba napeza ndalama ya mkuwa yobiriwira ndi ukalamba, mbali ina mutu wa mkazi, mbali ina mtengo wa kanjedza. Basi, zinamulowa m'magazi.

Kuyambira pamenepo Loweruka silinkamupeza pamsika. Ankabwera madzulo matope mpaka m'makutu, m'thumba muli mabatani a mkuwa a majekete a asilikali akale, zitsulo za malamba, masupuni opindika, tindalama tofufutika. Ankazitsuka ndi ndimu ndi mswachi wakutha, n'kuziika m'chitini cha mabisiketi. Kugulitsa ankagulitsa mwa apo ndi apo, mpunga ukatha m'nyumba. Chimene ankafuna kwenikweni ndi munthu woti amufotokozere. Batani limodzi ankatha kulimangira mbiri ya banja lonse, ukwati ndi maliro omwe, ngati anali pomwepo.

Tsono pamalo pamene panali nyumba yakale, pansi pamakhala podzaza misomali, zidutswa za malata ndi miphika yosweka. Ukati ukumbe chilichonse cholira, ukalambira pomwepo. Ndiye pa makinawo pali kakhutu kopotokola ngati ka wailesi. Ukakapotokola, makina amagontha ku chitsulo wamba, n'kumangomva mkuwa ndi siliva. Nyuma anakapotokola tsiku loyamba lomwelo ndipo sanakabwezenso. "Chitsulo ndi zinyalala," ankatero kwa aliyense, wofunsa ndi wosafunsa yemwe. "Zimenezo ndi za ana otola zitsulo zakutha. Khutu langa ine ndi la mkuwa."

Munda umene ankaukonda kuposa yonse unali wa banja la a Ridley. Mwini wake tsopano anali mwana wa banjalo, Ma Lavinia, nkhalamba yowonda ya tsitsi loyera mbee, amene anabwerera nkhondo itatha n'kumakhala m'chipinda chimodzi cha pansi, poti pamwamba mvula inali itadya matabwa. Anagwirizana kuti chilichonse chimene Nyuma wapeza azionetsa kaye, chimene nkhalambayo yachizindikira chizitsala pakhomo.

"Wabweranso kudzandifukulira bwalo ngati nkhumba?" ankamulonjera choncho.

"Nkhumba yobwezera dothi, Ma Lavinia. Taonani supuni ya agogo anu iyi."

"Ika apo. Ndipo usandiuze mbiri yake, ndikuidziwa. Ndinamenyedwa nayo pachala."

Mbiriyo ankawauzabe.

Chaka china pa Khirisimasi anapita ku Foya ndi chitini chake, nakhuthulira zonse pamphasa pamaso pa amayi ake, akutchula munda uliwonse kumene anazitola. Atatchula dzina la Ridley, Ma Yawa anasintha nkhope. Mayi ameneyu anagulitsa mafuta ofiira pamsika moyo wake wonse osagwetsapo msozi pagulu, koma tsikulo anagwira dzanja la mwana wawo nati, "Kwa a Ridley? Mulungu akudalitse, mwanawe. Bambo anga aja..." Nyuma sanadikire. Anali atatola kale batani lina, akufotokoza za nangula wojambulidwa pamenepo. Anabwerera kutauni akuuza anthu kuti amayi akondwera kwambiri ndi mabatani.

Panapita zaka. Tsiku lina mvula ili pachimake, Kumba anaimba foni. "Achimwene, amayi akufuna inu. Miyendo yatupa, chakudya akungolawa."

Nyuma anayamba kufotokoza za mankhwala a miyendo amene anamva m'basi.

"Nyuma," mawu a Ma Yawa anamudula, "tatseka kaye pakamwapo. Ine ndadikira mokwana. Malume ako wawapeza kapena ayi?"

"Malume ati, amayi?"

Mawu a Ma Yawa anabwera pamodzi ndi phokoso la mvula pamalata.

"Iwe mwana iwe. Achimwene anga, a Fallah. Nanga Loweruka lililonse kwa a Ridley umakatani? Ine ndauza mudzi wonse, ndauza ndi kutchalitchi komwe, kuti mwana wanga ali ndi makina omva za pansi, akusaka malume ake. Lero ukuti malume ati?"

Manyazi anachita zimene munthu aliyense analephera: anamutseka pakamwa. Ndiye nkhani imene amayi ake anaiyambapo kambirimbiri, tsiku limenelo inafika kumapeto. Fallah anali mlongo wawo wamkulu wa Ma Yawa. Ali kamnyamata, bambo awo anamutumiza kwa a Ridley, monga ankachitira makolo ambiri nthawi imeneyo, kuti azikatumikira pakhomo n'kumaphunzirako sukulu. Sanabwerere. Malungo anamutenga, anamuika komweko. Tsono kwathu munthu akafera kutali sitimusiya. Timatenga kilindi, ndalama yathu yakale ija ya chitsulo, yaitali ngati mkono wa mwana, yowonda ngati nthiti ya ambulera, yopotana. Timakaigoneka pamanda kuti mzimu ulowemo, kukacha wachibale amainyamula mpaka kwawo. Kachitsuloko kasathyoke, ndipo wonyamulayo salankhula panjira. Akangotulutsa liwu, mzimu umadzidzimuka n'kubwerera kumanda.

"Bambo anayenda wapansi kuchoka kuno mpaka kumeneko," anapitiriza Ma Yawa. "Ine ndinamasula mkanda wanga wofiira, iwo anaumangirira pa kilindiyo kuti achimwene adziwe amene akuwaitana. Anaigoneka pamanda. M'mawa asanaitenge, mwini munda anawathamangitsa ndi agalu, akuti sakufuna zachikunja pamalo pake. Anabwera chimanjamanja, ndipo mpaka kufa kwawo sindinawaonenso akuseka. Chitsulocho chidakali pomwepo. Makina ako amamva chitsulo, eti? Nanga chavuta n'chiyani?"

Nyuma anayang'ana pakona pomwe anatsamiritsa makina, kakhutu kaja kali chipotokolere.

"Palibe chavuta, amayi," anatero. Tenneh akuti sanamvepo mwamuna wake akuyankha funso mwachidule chonchi, ndipo anachita mantha.

Sanadikire Loweruka. M'mawa mwake anali kwa a Ridley, maambulera a anthu atawasiya, mvula ili pamsana.

"Ma Lavinia, pakhomo pano panali mnyamata wa ku Foya, dzina lake Fallah."

"Fallah? Sitinakhalepo ndi Fallah." Anaganiza kaye. "Kunali Mose, Mkissi, wa mpata kumano. Ankandibereka powoloka kamtsinje popita kusukulu. Anamwalira ndili kamwana. Pambuyo pake kunabwera bambo wina wa mapazi otupa. Ndinkaonera pawindo la pamwamba agalu akumuthamangitsa. Ndinkayesa wakuba."

"Anali agogo anga."

Nkhalambayo inati, "Dzina lija utchulenso."

"Fallah."

"Fallah," anabwereza pang'onopang'ono, ngati akulawa. Kenako anamuuza kuti anyamata otumikira sankaikidwa kumanda a banja kumene kuli miyala yolemba. Ankaikidwa kuseri kwa chigayo cha nzimbe, popanda chizindikiro. Penipeni sankapadziwa, ndipo panalibenso wamoyo wina wopadziwa.

Kuseri kwa chigayo! Nyuma anadutsako kambirimbiri ndi makina ake, n'kumauza anthu kuti uko n'kouma, kulibe kanthu. Anatchetcha minga ndi nsungwi, navala zomvera, nabweza kakhutu kaja. Mayo ine! Makina analira ngati msika wa Duala tsiku lolandira malipiro. Chigayo chinamwaza zitsulo zake ponseponse: misomali, maunyolo, zikwanje zothyoka, zibenthu za mapoto ophikira shuga. Ndipo sakanatha kubaya fosholo monga mwa masiku onse, kuopa kudula kilindi pakati. Ankakumba ndi kamtengo ndi zala, atagwadira bondo lake loipa lija, linthumbu likumukwera m'buluku. Samva adamva nkhwangwa ili m'mutu, akulu sananame.

Masabata anapita. Kumba akaimba ankangoti, "Lero sanadzuke," kapena, "Afunsanso." Kenako foni ya Kumba inasiya kupezeka, monga zimakhalira kumtunda mvula ikakula, ndipo Nyuma anayamba kukumba ndi mantha. Zimene ankazitcha zinyalala zinaunjikana mulu pafupi ndi chigayo.

Koma pang'ono ndi pang'ono anayamba kumva kuti chitsulo nachonso chili ndi mawu osiyanasiyana. Msomali umangoti kwe! n'kusiya. Lata limabwebweta ngati woledzera. Kuti usiyanitse zimenezi uyenera kutseka pakamwa, chifukwa mawu ako omwe amadzaza m'makutu. Kuseri kwa chigayo kunakhala bata, mpaka tsiku lina Ma Lavinia anadzikoka ndi ndodo yawo kudzaona ngati munthuyo sanafe.

Masana ena, pafupi ndi tsinde la mtengo wa kola, makina analira mawu otsika, aatali, otsatira mbale ija kulikonse kumene ankaikokera mumzere umodzi. Nyuma anavula zomvera. Anapalasa dothi ndi zala ngati akuchotsa chitsotso m'diso la mwana. Kunaoneka mchira wafulati, kenako thupi lopotana, lodyeka ndi dzimbiri mpaka pena kutsala ngati ulusi. Pambali pake, m'dothi lakuda, panali mkanda wofiira. Chingwe chinaola kalekale, koma mkandawo sunasunthe. Nyuma anakhala pansi m'matopemo nalira mokweza, bambo wamkulu wa imvi. Kilindiyo sanaikhudze. Anaphimba ndi tsamba la nthochi, natchinga miyala m'mbali.

Anayesa kuimbira Kumba, foni osalowa. Ndipo vuto lenileni linali likudza kumene. Wonyamula ayenera kukhala wachibale wa magazi amodzi, ndipo wamagazi wotsala woti angayende anali iye. Pamsika nkhani itamveka anthu anagwa ndi phwete. "Wailesi? Chete mpaka ku Foya? Mzimuwo sufika ndi pamlatho pomwe!"

Tenneh sanaseke. "Ndipita nanu," anatero. "Pakamwa panu ndikhala ine."

Anabwerera kwa a Ridley awiriwo, Nyuma atadula kale nsungwi yoti alowetsemo kilindi. Ma Lavinia anafika kumandako ndi nsalu yoyera ya pilo, yosita bwino. "Inali ya amayi anga. Mumukulungemo. Pakhomo pano sitinamupatsepo nsalu yabwino."

"Bambo a Sia," anatero Tenneh kwa mwamuna wake, pomuitana ndi dzina la mwana wawo, "tsanulani zonse pompano. Zotsala mukalankhulira ku Foya."

Anatsanuladi. Anadzidziwitsa kwa malume ake, anawauza amene anabadwa ndi amene anamwalira, za nkhondo, za golide, za bondo, mpaka Ma Lavinia anakhala pachitsa. Pomaliza mawu anatsika. "Ndakhala ndikukupondani, malume, makutu nditatseka dala. Mundikhululukire." Anathira madzi pansi, anaswa mtedza wa kola monga mwa mwambo. "A Fallah, dzukani. Mlongo wanu Yawa akukuitanani. Tiyeni kwathu." Atatero anatulutsa m'thumba batani lija la nangula, naliponya m'kamwa kuti lizitchinga lilime. Ananyamula kilindi ndi manja awiri, pamodzi ndi mkanda, nakulunga, nalowetsa m'nsungwi. Sinathyoke.

"Upite bwino, Fallah," anatero Ma Lavinia. Nyuma anangogwedeza mutu.

Ku Red Light, pokwerera magalimoto a kumtunda, Tenneh anauza anzawo a m'galimoto kuti, "Amuna angawa sakudwala ayi, anyamula mlendo." Anthu a kumtunda safuna kuwafotokozera zambiri. Anamusiyira mpando wa kuwindo, mayi wina nachotsa nkhuku yake pafupi.

Zaka zonse za ukwati wawo Tenneh anali mkazi wa mawu ochepa, osati mwachibadwa koma posowa polowera. Galimoto itadutsa Kakata anazindikira mwayi umene Mulungu anamupatsa. Anayamba ngati mvula yowaza.

"Poti lero mukumva, ndikuuzeni. Chigwada chija mumati amaphika bwino ndi mlamu wanu, ndimaphika ndine, iye amangopakula."

Nyuma anatong'ola maso.

"Njoka ija munakumana nayo ku Gbarpolu, chaka chilichonse ikutalika. Poyamba inali ngati lamba. Pano akuti inatseka msewu."

M'galimoto munali chiphwete, dalaivala akumenya chiwongolero. Nyuma anatukuta, batani likugogoda mano.

"Ndipo tsiku lija munabwera kudzandifunsira, munalankhula mpaka bambo anga anawodzera. Munachoka mukuti zatheka. Ine simunandifunse, simunandipatse mpata." Anakonza chitenje chake, nayang'ana kutsogolo. "Ndiye ndikuyankheni lero. Inde."

Anthu anaomba m'manja. Nyuma anatembenukira kuwindo, misozi ikutsikira m'ndevu, nsungwi ataikumbatira pachifuwa.

Mayesero sanathere pomwepo. Mnyamata wina wa suti anayamba kuuza galimoto yonse kuti ndalama zakale za kanjedza zija zinali za golide weniweni. Nyuma anatsala pang'ono kulavula batani kuti amutsutse, Tenneh anachita kumutsina pabondo loipa. Pachingwe china cha panjira, wapolisi analoza nsungwi. "Muli chiyani umo, mdala? Ndikufunsa iwe!" Tenneh atamunong'oneza, wapolisiyo anabwerera m'mbuyo, navula chipewa, nakweza yekha chingwe. Ku Zorzor, kumene anagona m'galimoto, Tenneh anamanga mwamuna wake pakamwa ndi duku, podziwa zimene amachita kutulo.

Atadutsa Kolahun msewu unatha. Panali dziwe la matope ofiira, malole atatitimira mondondozana, ena atakhala pamenepo mpaka madalaivala kuyanika zovala. Ku Foya kunali pafupi, komabe kosafikika. Ali chiimire padzuwa lamasana, foni inalira m'chikwama cha Tenneh. Anali Kumba, akulira.

"Alamu, mpatseni achimwene msanga! Amayi akupita. Akufuna amve mawu awo. Ndawaika kale foni pakhutu."

Kumba sankadziwa kuti kilindi yapezeka, sankadziwa kuti ali panjira. Tenneh anasokonezeka, anangokweza mawu a foni n'kuifikitsa pankhope pa mwamuna wake.

"Nyuma?" Mawu anali aang'ono, ochokera patali. "Nyuma, mwana wanga, ndiwe? Tandilankhula ndimve."

Nyuma anadziwa kuti aka n'komaliza. Liwu limodzi lokha, lakuti amayi, linali litafika kale kuseri kwa batani. Akalitulutsa, malume abwerera kuseri kwa chigayo, ndipo iye afika chimanjamanja ngati agogo ake. Akalimeza, amayi ake apita osamumva, mwina akuganiza kuti mwana wawo alibe nawo ntchito. Mtima unamupweteka kuposa tsiku limene dzenje linamugumukira. Analuma batani mpaka anamva magazi m'kamwa.

Tenneh anatsegula pakamwa kuti afotokoze, koma nkhalamba inamutsogolera.

"Wakhala chete," anatero Ma Yawa. "Kumba, wamva? Nyuma wakhala chete." Kunamveka kaphwete kosakanikirana ndi chifuwa. "Wawatenga. Usayankhe, mwana wanga, usayerekeze n'komwe. Ika foniyo pa iwo."

Tenneh anagunditsa foni pansungwi.

"Achimwene, ndine Yawa. Mwachedwa inu. Ndakalamba, musandiseke mukandiona. Mkanda wanga mwabwera nawo?"

 Kenako foni inaduka.

Anasiya galimoto pomwepo. Anadutsa matopewo wapansi, Nyuma akukoka mwendo, nsungwi ataikweza pamwamba pa mutu, Tenneh atamugwira lamba kuti asagwe. Tsidya linalo njinga zamoto zinali zitatha, anagona pakhonde la munthu, ndipo kutacha anapeza imodzi. Anatsika pa njira ya kumudzi dzuwa litakwera. Asanatuluke m'munda wa khofi anamva kulira kwa amayi.

Tenneh anagwa pansi nayamba kubuma. Nyuma sakanatha. Anadutsa pakati pa anthu olira milomo ili yotseka, nkhope ikugwedera, anthu akumupatukira. Kumba anamuchingamira pakhomo.

"Apita m'mawa uno, achimwene. Anati aliyense asakulankhulitseni mpaka mutawapatsa m'manja." Anapukuta mphuno ndi chitenje. "Dzulo foni itaduka, aliyense wobwera kudzawaona ankamuuza kuti, mwamva? Mwana wanga wakhala chete. Ankanyadira ngati mwawamangira nyumba ya malata."

Ma Yawa anali atawagoneka pamphasa, atawafunditsa nsalu yawo ya kutchalitchi. Nyuma anagwada, natulutsa nsalu ya pilo m'nsungwi, naifunyulula. Anaika kilindi m'dzanja la amayi ake, naika mkanda wofiira pamwamba, napinda zala zawo pang'onopang'ono. Kenako analavulira batani m'dzanja lake.

Pakamwa panatseguka, koma mawu sanabwere. Munthu amene Duala yense analephera kumutontholetsa anagwada pamenepo akusuntha milomo pachabe.

Tenneh anagwada pambali pake namugwira phewa. "Lankhulani tsopano, bambo a Sia. Mwafika."

Nyuma anaweramira kwa amayi ake. "Amayi," anatero, mawu ali osasa, "ndi awa malume."